ZA PAKHOMO PATHU: Masamusa a pa Khirisimasi

Mwezi wa Disembala wafika, mvula yagwa, ndipo maganizo a banja lililonse ali pa tsiku la 25, limene ife timalitcha Khirisimasi pamene kalendala ya boma la Mozambique imalitcha Tsiku la Banja. Pa tsikuli mpunga ndi nkhuku sizisowa, koma chimene ana amayamba kusuzumira m'mbale ndi masamusa, aja olankhula Chipwitikizi amati chamuça. Lero tikambirane za kaphikidwe kake, pakuti taona kuti ambiri a ife tazolowera kugula, ndipo luso likuchoka m'manja mwathu pang'onopang'ono.

Chakudyachi chinayenda ulendo wautali chisanafike m'mbale zathu. Chinadzera ku India, makamaka ku Goa, dera limene Apwitikizi analilamulira kuyambira 1510 mpaka 1961. Kufikira chaka cha 1752, nalonso dziko la Mozambique linkayang'aniridwa kuchokera ku Goa komweko, ndipo amalonda ambiri a kumeneko anakwera mtsinje wa Zambezi nadzakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Amayi athu anaphunzira kapindidwe kake, naikamo nyama ya mbuzi zathu zodya masau ndi malambe, mpaka samusa anasanduka wakwathu. Koma kuyambira 2011, pamene migodi ikuluikulu ya malasha inayamba kutulutsa katundu kuno ku Moatize, ambiri timaweruka mochedwa, ndipo kugula chophikaphika kwakhala kwapafupi kusiyana ndi kukanya ufa.

Nafenso tinali m'gulu lomwelo, mpaka chaka china pamene tinalandira alendo ochokera ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza. Tinati tiwaonetse kuti m'tauni timadziwa kuphika. Tinakanya ufa mothamanga, tinathira nyama yotentha ndi msuzi wake womwe, nkuponya m'mafuta ofuka utsi. Ena anaphulikira m'chiwaya momwemo, otsalawo anada kunja koma m'kati muli mwauwisi. Titawavundikira m'poto kuti asazizire, anafika patebulo atafewa ngati nsanza yonyowa. Alendo anadya mwaulemu osanena kanthu, koma mayi wina wachikulire anatiitanira kuseri nati: "Ana anga, samusa sakonda phuma. Mawa mudzuke m'mamawa ndidzakuonetseni." Zimene anatiphunzitsa ndi zimene tikupatsirani pano.

Choyamba ndi chikopa chake, ndiye kuti ufa wokutira kunja. Tengani makapu 4 a ufa wa tirigu, supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi masupuni aakulu 4 a mafuta. Thirani madzi pang'onopang'ono, pafupifupi kapu imodzi ndi theka, uku mukukanya kufikira ufa utasalala koma uli wolimbirako. Musathiremo yisiti kapena soda, pakuti sitikuphika mandasi. Vundikirani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 30. Kenaka gawani timibulu 12, kalikonse mukafutukule ndi botolo loyera mpaka kukula ngati kambale ka tiyi. Pakani mafuta pamwamba, wazani kaufa, ndipo musanjikize zinayizinayi. Mulu uliwonse muufutukulenso mpaka ufanane ndi mbale yaikulu, muuike pachiwaya chotentha chopanda mafuta kwa kamphindi kochepa mbali zonse, kuti ungouma osapsa. Ukadali wofunda muudule panayi ndi kumatula zikopazo. Mupeza zikopa 48 zopyapyala ngati pepala. Zisungeni m'nsalu yachinyezi kuti zisathetheke popinda.

Chachiwiri ndi zam'kati. Nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yokwana theka la kilogalamu muidule tizidutswa ting'onoting'ono, kapena muipereke kuti aigaye. Iphikeni ndi mchere, adyo, tsabola wa piripiri ndi zokometsera zija m'masitolo amati caril, mpaka madzi onse ataphwa. Anyezi atatu oduladula muwathire kumapeto, pamodzi ndi madzi a ndimu pang'ono. Tomato asalowemo, chifukwa madzi ake ndiwo amaboola chikopa. Mukatero tsanulirani m'mbale yotakasuka kuti zizizire ndithu. Ngati nyama yakwera mtengo, monga imachitira nyengo ino, musachite manyazi kuonjezeramo mbatata ya kachewere yochokera ku Angónia kapena ku Tsangano, yophika ndi kuiduladula, ngakhalenso nsawawa kapena kabichi wokazinga. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno kumatentha kwambiri: nyama iphikidwe tsiku lomwe yagulidwa, ndipo ngati mulibe firiji, zam'kati zisagonere.

Popinda, sakanizani ufa ndi madzi kuti mupange kaphala komatira. Pindani chikopa ngati m'mene ogulitsa mtedza amapindira pepala, thirani supuni imodzi ya zam'kati osadzaza, ndipo mutseke pakamwa ndi kaphala kaja. Yang'anitsitsani nsonga zonse zitatu. Kabowo kakang'ono nkokwanira kulowetsa mafuta ndi kuononga ntchito yonse.

Chachitatu ndi moto. Mafuta akhale okwanira kuti samusa ayandame. Kuti mudziwe ngati atentha bwino, ponyanimo kachidutswa ka chikopa: kakakhala pansi osachita thovu ndiye kuti mafuta sanafike, kakada nthawi yomweyo ndiye kuti apyola. Kayenera kukwera pamwamba mofatsa kakuchita thovu. Pa mbaula, phungulani makala ngati moto wakula. Kazingani asanu kapena asanu ndi limodzi pa nthawi imodzi, mukuwatembenuza mpaka afiirire mofanana. Powuula muwayanike pa sefa kapena m'lichero loyalidwa pepala loyera, osawavundikira, chifukwa nthunzi ndiyo mdani wamkulu wa samusa wokukutika.

Pano tichenjezane. Ana aang'ono atalikire mbaula, ndipo chiwaya chikhazikike bwino. Mafuta akagwira moto musathirepo madzi, pakuti malawi amalumpha. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, musapakepo dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo ngati bala ndi lalikulu thamangirani naye kuchipatala. Mafuta amene ada ndi kuyamba kununkha musawagwiritsenso ntchito.

Mwina wina afunsa kuti, kuvutikiranji zonsezi pamene kumsika akugulitsa? Sitikunyoza abale athu ogulitsa, pakuti ambiri amalipirira ana sukulu ndi malonda omwewa. Koma werengerani nokha mtengo wa masamusa 48, muyerekeze ndi wa ufa, nyama ndi mafuta, ndipo mukumbukire kuti chikondwerero chikatha kukubwera makope ndi yunifolomu. Kuposa pamenepo, ntchitoyi siitheka ndi munthu m'modzi. Mutu umodzi susenza denga: amayi afutukula, abambo adula nyama, anyamata ndi atsikana apinda, agogo akuyang'anira nsonga uku akusimba za kale. Mwana amene wapinda samusa wake woyamba, ngakhale wokhota, watenga chinthu chimene adzapite nacho kubanja lake.

Tsono tikupemphani kuti musadikire tsiku lenilenilo. Yesani kaye Loweruka likudzali ndi kapu imodzi ya ufa, kuti zolakwa zichitikire pa inu nokha, osati pamaso pa alendo monga zinatichitikira ife. Amayi amene mumadziwa kale, itanani mtsikana kapena mnyamata wa pafupi nanu adzaonere. Ndipo mukakazinga, patulani mbale imodzi ya okalamba ndi odwala a m'dera lanu amene sangathe kuima pamoto.

Tikufunirani chikondwerero chabwino inu nonse a ku Moatize, a ku Zóbuè ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu. Tidzakumanenso mwezi wamawa.