Olera ana pakhomo awerenge manja asanawerenge makwacha

M'matauni monga Mponela, Lizulu, Lunzu, Jenda ndi Liwonde mwabadwa ntchito yomwe kale inali ya agogo ndi azakhali. Amayi ena atsegula makomo awo n'kumalandira ana a anzawo m'mawa, kuwadyetsa phala, kuwasambitsa ndi kuwagoneka, madzulo n'kuwabweza kwa eni ake. Ena amati nazale, ena sukulu yamkaka, koma malo ambiri otere ndi nyumba chabe ya munthu, mkeka uli pakhonde, mphika uli pambaula.

Makolo amene amagogoda pamakomo amenewa alipo a mitundu iwiri. Alipo aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'masitolo, omwe amafuna kusiya mwana tsiku lonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo amalipira pakutha pa mwezi. Aliponso amayi ogulitsa tomato kapena kaunjika, omwe amangofuna wowagwirira mwana pa tsiku la msika, komanso makolo a ana a Sitandade 1 omwe amaweruka msanga n'kusowa kofikira. Awa amalipira tsiku lomwelo, ndalama ili m'manja.

Funso lomwe limavutitsa olera ana ambiri ndi lakuti: ndilandire ati, atsiku lonse kapena apatalipatali?

Ife tikuti onsewa n'ngoyenera kulandiridwa, koma wolera ayambe wawerenga manja ake asanawerenge makwacha. Chofunika kwambiri si kuchuluka kwa ana omwe adalembetsa m'kope, koma kuchuluka kwa ana omwe ali pakhomo pa ola limodzi.

Mwana watsiku lonse ali ndi ubwino wake. Ndalama yake imadziwika, choncho mayi angathe kuguliratu ufa, soya, shuga ndi makala a mwezi wonse. Mwana amazolowera malo, amadziwa nthawi yodya ndi yogona, ndipo wolera amamudziwa mpaka kaliridwe kake. Akatentha thupi kapena akakana chakudya, wolera amazindikira msanga poti amamuona tsiku ndi tsiku.

Koma nawonso atsiku lonse ali ndi vuto lawo. Kholo lapantchito likasamutsidwa, mwana amachoka lero ndi lero, ndipo ngati ana analipo asanu, gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama lapita. Sukulu zikatsekera, aphunzitsi ambiri amakhala ndi ana awo kunyumba. Malipiro akachedwa, wolera naye amadikira, pomwe ana sasiya kudya.

N'chifukwa chake ndalama ya apatalipatali imakopa. Imabwera yotentha, ndipo ukaiwerengera pa tsiku kawirikawiri imaposa ya mwana wapamwezi. Apa ndi pomwe pali msampha. Amayi a pamsika safuna thandizo masiku osiyanasiyana ayi. Onse amalifuna tsiku limodzi, m'mawa umodzi, pomwe msika wakwana. Tsiku lotsatira pakhomo pali zii.

Tiyerekeze mayi yemwe manja ake angathe ana asanu. Pa sabata ya masiku asanu ali ndi malo 25 oti adzaze. Akakhala ndi ana atatu atsiku lonse, malo 15 apita, ndipo tsiku lililonse kwatsala malo awiri okha. Tsono tsiku la msika pakafika amayi asanu ndi mmodzi, aliyense ndi wake kumsana, mayiyu akawalandira onse ndiye kuti ali ndi ana asanu ndi anayi pa maso awiri ndi manja awiri omwe aja. Ndalama yakwera, koma chisamaliro cha mwana aliyense chatsika, kuphatikizapo cha atatu aja omwe makolo awo adalipira mwezi wonse. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ngozi ya mwana sichedwa. Pakhomo pali mbaula yamoto, phala lowira, ndowa yodzaza madzi, mwina chitsime chosavindikira. Mponela, Lizulu, Lunzu ndi Jenda ndi matauni omwe msewu wa M1 udadutsa pakati, ndipo tsiku la msika ndi lomwenso galimoto ndi njinga zamoto za kabaza zimachuluka. Mwana wa zaka ziwiri angafike kumsewu pa nthawi yomwe wolera akusintha thewera la khanda.

Za makanda zikufunika kuzinena padera. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu. Izi zikutanthauza kuti mayi wapantchito angathe kubweretsa khanda la miyezi iwiri yokha. Khanda lotere limafuna manja onse awiri, ndipo a zaumoyo amalangiza kuti liziyamwa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Wolera amene walandira khanda aziliwerenga ngati ana awiri. Akakhala ndi makanda awiri alibenso malo a ana obwera mwadzidzidzi, pokhapokha atapeza munthu wamkulu womuthandiza.

Palinso nkhani ya matenda. Pakhomo pomwe tsiku lililonse pakulowa nkhope zatsopano, chifuwa, chikuku ndi matenda otsegula m'mimba sizichedwa kufala. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo adatikumbutsa kuti madzi, chimbudzi ndi kusamba m'manja si zosewera nazo. Wolera ali ndi ufulu wopempha kuona kabuku ka kusikelo ka mwana aliyense, kaya wabwera mwezi wonse kaya m'mawa umodzi, ndi kubweza mwana yemwe akudwala kuti apite naye kuchipatala.

Komabe tisamveke ngati tikuti amayi a pamsika atsekeredwe chitseko. Iwowa ndiwo akusowa thandizo kwambiri. Akabwezedwa, mwana amaswera kumsana padzuwa ndi pafumbi, kapena mkulu wake wamkazi amajomba kusukulu kuti alere mng'ono wake. Ena amakatenga kamtsikana kumudzi kuti kazilera. Mwana kulera mwana mnzake si njira. Mayi wamkulu wolera ana pakhomo ndi wabwino kuposa zonsezi, bola achite mwadongosolo.

Dongosolo lake si lovuta. Choyamba, wolera adziikire malire a ana omwe angakhale pakhomo nthawi imodzi, powerengeranso ana ake omwe, ndipo malirewo asasunthe ngakhale wabwera ndi mlamu kapena mnzake wa kutchalitchi. Chachiwiri, msana wa bizinesi ukhale ana atsiku lonse, kuti ndalama ya chakudya izidziwika. Chachitatu, malo otsalawo agawidwe kwa apatalipatali pa masiku okhazikika. Mwana wa Lolemba ndi Lachinayi angathe kugawana malo amodzi ndi wa Lachiwiri ndi Lachisanu. Wobwera m'mawa angathe kusiyira malo wa Sitandade 1 wobwera masana, bola nthawi zawo zisaphatikizane pa chakudya chamasana, pomwe ntchito imachuluka kwambiri.

Chachinayi, kholo lomwe lasungitsa tsiku lilipire tsikulo ngakhale mwana asabwere, pakuti wolera adabweza wina kuti malowo asungike. Ndipo mtengo wa tsiku limodzi ukakwererako poyerekeza ndi wapamwezi, makolo asadandaule kuti akuberedwa. Mwana wobwera kamodzikamodzi amalira nthawi yaitali, sadziwa anzake, ndipo amafuna diso lapadera.

Zonsezi zilembedwe m'kope, onse awiri asayine: masiku, nthawi yobweretsa ndi yotenga mwana, ndalama, chakudya, nambala za foni, ndi mayina a anthu ololedwa kudzatenga mwana. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni ndipo kumachepetsa mikangano. Mgwirizanowo unenenso nthawi yowunikanso mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo wolera amene sangakweze mtengo wake amakakamizika kusungunula phala kapena kuchulukitsa ana. Pa zonse ziwirizi wovutika ndi mwana.

Nanunso makolo muli ndi mbali yanu. Musanasiye mwana, funsani kuti pa tsiku la msika pamakhala ana angati, ndipo kaoneni nokha tsiku lomwelo, osati tsiku lomwe pakhomo pali phee. Onani komwe kuli moto, madzi ndi chimbudzi. Wolera akakuuzani kuti malo atha, musamunyengerere kapena kumunena kuti n'ngodzikonda. Amene wakana mwana wanu lero chifukwa manja adzaza ndi yemweyo amene mawa adzakane wa wina pofuna kuteteza wanu. Ndipo mukachedwa kudzatenga mwana, dziwani kuti mwadya nthawi ya munthu yemwe nayenso ali ndi banja loti aliphikire.

Boma nalo lisayang'ane kumbali. Dziko lino lidakhala ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba kuyambira 2003, ndipo mu 2010 lidakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana. Koma sukulu zambiri za mmera mpoyamba za m'madera zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, zimalandira ana okulirapo, ndipo zimaweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Mayi yemwe ali pantchito kapena pamsika mpaka madzulo sizimuthera vuto lake. Mpata umenewu ndiwo akudzaza olera ana pakhomo. Maofesi osamalira anthu m'maboma awafufuze amayiwa, awalembe, awaphunzitse za ukhondo, kadyedwe ndi chithandizo choyamba, ndipo awauze momveka kuti munthu mmodzi angasamalire ana angati a msinkhu uti. Kuwaopseza kungowachititsa kubisala, ana n'kumatsekeredwa m'nyumba.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu sukutanthauza kuti ulandire mwana aliyense wofika pakhomo. Ukutanthauza kuti amene wamulandirayo umusamale ngati wako. Mayi wolera ana amene akudziwa pothera manja ake, n'kunena kuti “pepani, lero malo atha,” ndiye woyenera kumusiyira mwana.