Kodi Nyumba Zakale za mu Blantyre Nzayani? (Gawo Lachiwiri)

Mlungu watha m'danga lino tinakambirana za chiyambi cha mizinda yathu. Lero tiyeni tiime mu Blantyre, pakuti chaka cha 2026 ndicho chokwanitsa zaka 150 chifikire amishoni a Church of Scotland m'dziko la Mfumu Kapeni mu 1876, natcha malowo dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Pa nyengo yotere nyimbo ndi zokamba zimachuluka. Koma funso loyenera kutisautsa ndi ili: kodi nyumba zakale zimene zatsala mumzindawu zidzaona zaka zina 50?

Alipo ena, ngakhale pakati pa ophunzira, amene amati nyumba zoterezi ndi zotsalira za atsamunda, ndipo zitagwa palibe angakhetse msozi. Iwo amati malo a pakati pa mzinda ndi okwera mtengo, ndipo pamene paima chinyumba chakale cha khonde lalitali pangamangidwe masitolo osanja olemba anthu ntchito. Maganizo amenewa sitingawanyoze, chifukwa ulova ndi weniweni. Komabe tisanavomereze, tiyambe tafunsa kuti anamanga nyumbazo ndani.

Titenge tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ntchito yomanga inayamba mu 1888, ndipo chinapatulidwa pa 10 May 1891. Ambiri amachitcha tchalitchi cha Mbusa David Clement Scott, yemwe uja anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja m'buku lotanthauzira la mu 1892. Scott sanaphunzire ntchito yomanga, ndipo sanajambule pulani yatsatanetsatane ntchito isanayambe. Chigawo chilichonse ankayamba achiyesa posanja njerwa zopanda matope, ndipo akakhutira ndi pamene ankamanga. Njerwa zonse zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, ndipo akuti zinali za mitundu 81.

Nanga anakumba dothilo, kuliponda, kuliika m'zikombole, kutema nkhuni ndi kuchezera pa uvuni ndani? Anakwera pamwamba kukapinda njerwa m'mazenera ndi m'nsanja ndani? Anali makolo athu a m'midzi yozungulira, amene anali asanamangepo nyumba yotere chibadwire, koma anaphunzira ntchitoyo ili m'manja. Mayina a ambiri a iwo sanalembedwe pa mwala. Makoma amenewo ndiwo umboni wokha umene anatisiyira, ndipo tikawalekerera tafafaniza luso la agogo athu, osati la mzungu yekha.

Chimodzimodzinso nyumba yosanja ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yotsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina lenilenilo linachokera pakamwa pa anthu athu, amene anatcha John Moir kuti Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso. Nyumbayi inakhalako zaka 9 boma la Britain lisanakhazikitse ulamuliro wake kuno mu 1891. Sitikunena kuti mbiri yake yonse njokoma. Kampaniyi inatenga malo aakulu, inagwiritsa ntchito amtengatenga osenza katundu pamutu, ndipo inalambulira njira atsamunda. Koma mwana amene waima pakhonde pake amamvetsa zimenezi msanga kuposa amene wangoziloweza pokonzekera mayeso.

Kuti tione mmene kugwetsa nyumba kumapwetekera, tiyeni tituluke mu Blantyre pang'ono, tipite ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Kumeneko Mbusa John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo pofika 1913 iye ndi akhristu ake anali atatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomangidwa motsogozedwa ndi munthu wakuda. Nkhondo ya pa 23 January 1915 italephereka, boma linaphulitsa tchalitchicho. Atsamunda ankadziwa kuti khoma limalankhula, ndipo anafuna kuti lisalankhulenso. Ngakhale Dr Daniel Malikebu anatsegulanso mishoniyo mu 1926, nyumba ya Chilembwe sinabwerere. Madzi akatayika saoleka. Tsono chimene atsamunda anachita mwadala, ife tichite mwa kusasamala?

Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo, la Monuments and Relics Act la mu 1990, ndipo limaletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba yotetezedwa popanda chilolezo. Koma lamulo silifolera denga. Mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi: lata limodzi lodontha, ngalande yotsekeka ndi zinyalala, mtengo womera pafupi ndi maziko. Chinyezi chikalowa, chiswe chimatsatira ndi kudya mitanda. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza Blantyre mu March 2023, anatikumbutsa mphamvu ya madzi pa khoma lofooka. Mdani wina ndi kukonza mosadziwa. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi dothi kapena laimu, zimene zimalola khoma kuuma. Munthu akazimata ndi simenti yolimba, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka.

Tikayang'anitsitsa tiona kuti nyumba zimene zapulumuka ndi zimene zili ndi ntchito. Mu St Michael anthu akupempherabe. Pamwamba pa nyumba ya Mandala pali laibulale ya Society of Malawi, mmene ofufuza mbiri amawerengamo. Nyumba imene mumalowa anthu, kudontha kwake kumaoneka tsiku lomwelo; yotsekedwa imaolera m'kati. Choncho yankho kwa odandaula za ulova ndi lakuti nyumba yakale ingasanduke ofesi, sitolo kapena malo ochezera alendo popanda kuigwetsa, ndipo kuikonza kumene ndi ntchito ya amisiri.

Mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ya mzinda isamavomereze pulani yatsopano isanafunse akatswiri a boma oona za zinthu zakale. Mipingo ipatule ndalama zokonzera madenga chaka ndi chaka, isadikire tsiku la chikondwerero. Sukulu za ntchito zamanja ziphunzitse kumanga ndi laimu ndi kuumba njerwa zokongoletsa. Inu aphunzitsi anzanga, tengani ana mukaone nyumba yakale imene ili pafupi nanu, aiyeze, aijambule. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, pitani kwa agogo mukafunse amene anaumba njerwa za tchalitchi kapena sukulu ya kwanu, mulembe mayinawo akuluakuluwo akali moyo.

Mlungu wa mawa tidzakwera ku Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975.