Chifuwa cha mayi ndi mankhwala a mtima wa khanda

Inu omvera athu a m'midzi ya m'malire, pakhomo pakabadwa mwana masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, musamafulumize mayi ake kubwerera kumunda ndi kuchitsime. Ntchito yawo yaikulu ndi kufungatira khandalo.

Mtima wa khanda umagunda ka 120 mpaka 160 pa mphindi imodzi, koma sugunda ngati wotchi. Mwana akamakoka mpweya umathamangako, akamautulutsa umabweza liwiro. Izi zimachitika kamba ka mtsempha wochokera ku ubongo wotchedwa vagus, umene uli ngati buleki ya njinga. Mwa mwana wobadwa msanga bulekiyi imakhala isanakhwime, choncho akadzidzimuka amavuta kutonthola.

Mu 1978, Edward Tronick wa ku America anaonetsa kuti mayi akaleka mwadzidzidzi kuseka ndi kulankhula ndi khanda, ilo limavutika n'kuyang'ana kumbali. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti panthawi yotereyi mtima wa mwana umathamanga, ndipo umayamba kukhazikika mayi akayambanso kucheza naye.

Ku Israel, Ruth Feldman ndi anzake anatsatira ana 73 obadwa msanga amene anaikidwa pachifuwa cha amayi awo ola limodzi patsiku kwa masiku 14. Mu 2014 analengeza kuti pofika zaka 10, anawa ankagona bwino ndipo buleki ya mtima wawo inkagwira bwino kuposa ya anzawo amene anangokhala m'makina ofunditsira ana. Nawonso amayiwo nkhawa inawachepera.

Njira imeneyi ya kangaru inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978. Mu 2022 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti iziyambika mwana akangobadwa, kwa maola 8 mpaka 24 patsiku, khungu likhudzane ndi khungu.

Ena amati kunyamula mwana kwambiri kumamuzoloweza manja. Ine ndikukana. Khanda lofooka silikuchita matama, likufuna thupi la mayi kuti lifunde ndi kuti mtima wake ukhazikike.

Koma mayi wotopa, wanjala kapena wachisoni sangacheze ndi mwana, ndipo kumudzudzula sikuthandiza. Inu abambo, katungeni madzi ndi kuwaza nkhuni. Inu agogo ndi apongozi, phikani nsima. Mayi akamasamba, mwana alowe pachifuwa chanu.

Akasiya kuyamwa, akazizira thupi kapena akamapuma mobanika, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ali pachifuwa.