Musaiwale kuuza adokotala za galu adaluma mwana

Mwana akatentha thupi, kubwebweta kapena kukomoka ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, ambiri timathamangira kunena kuti ndi malungo a muubongo. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, poti kuchigwa cha kunyanjaku udzudzu susowa. Koma pali nthenda ina yogwira ubongo imene imabisala kumbuyo kwa malungo. Nthendayi ndi chiwewe.

Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2007, adapeza kuti mwa ana 133 omwe adamwalira ndi matenda a ubongo, 14 adali ndi chiwewe. Mwa ana 26 omwe adamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo, atatu chidawapha ndi chiwewe.

Chiwewe chomwe tonse timachidziwa ndi cha munthu wolusa, wotuluka dovu komanso woopa madzi. Koma bungwe la WHO likuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu alionse salusa. Amayamba kumva dzanzi kapena kuyabwa pomwe adalumidwa, mwendo kapena mkono umafooka, kenako thupi lonse limazizira pang'onopang'ono mpaka kukomoka. Ngakhale magazi ataonetsa malungo, sindiye kuti chiwewe mulibe.

Choopsa china n'choti zizindikiro zimachedwa, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, mwinanso chaka. Bala limakhala litapola, aliyense ataiwala. Zizindikiro zikangoyamba, mankhwala ochiza palibe. Choncho mpata wopulumutsa moyo uli pa tsiku lomwe mwana walumidwalo.

Makolo, galu kapena mphaka akaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa katemera wa chiwewe. Mumalize jakisoni yense amene akuuzani. Ana ena amabisa poopa kukalipiridwa, ndiye afunseni mofatsa mukaona kabala kosadziwika bwino.

Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, mwana aliyense wobalalika mutu kapena wofooka ziwalo mwadzidzidzi, funsani makolo ake ngati adalumidwapo ndi chiweto m'miyezi yapitayi, ndipo mulembe pa kalata yomutumiza kuchipatala.

Muzu wa vutoli uli kwa agalu. Agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, chiwewe chimasiya kufala m'dera. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, tengani galu wanu, ndipo mafumu aonetsetse kuti palibe khomo lotsalira.