Diso Limene Limatsogolera Muvi

M'midzi ya kwa Chiosya, monganso m'madera ena a boma la Mchinji, nyengo ya chimanga chachiŵisi ndi nyengonso ya legeni. Anyamata amaswera m'mbali mwa minda kupirikitsa apusi ndi mbalame, matumba a makabudula atadzaza timiyala. Pagulu lotere sipalephera kupezeka mnyamata mmodzi amene anzake amamseka. Mphanda yake ndi yowongoka, mphira wake ndi wolimba, dzanja lake silinjenjemera, koma mwala wake umangodutsa kumanzere kwa chimene wachalira, lero ndi maŵa lomwe. Anzake amati ndi wopepera, ena nkumati manja ake ngatsoka. Ife tikupempha kuti mwana wotere asanyozedwe msanga, pakuti kaŵirikaŵiri mlandu suli m'manja mwake. Uli pa diso limene likumtsogolera.

Maso a munthu wamkulu ndi otalikirana masentimita 6 kapena kupitirirapo pang'ono, choncho diso lililonse limaona chinthu kuchokera pamalo akeake. Ubongo umaphatikiza zithunzi ziŵirizo kukhala chimodzi, ndipo mwa njira imeneyi timazindikira chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Koma pamene tifuna kuika chinthu chapafupi pamzere umodzi ndi chinthu chakutali, monga nsonga ya muvi ndi gwape, zithunzi ziŵirizo zimatsutsana. Pamenepo ubongo umasankha diso limodzi kuti ndilo ulimvere, linalo nkulinyalanyaza, mwini wake osadziŵa kanthu. Diso losankhidwalo ndilo tikulitcha diso lotsogolera. Mwa anthu atatu, pafupifupi aŵiri amatsogozedwa ndi diso lakumanja, wachitatuyo ndi lakumanzere, ndipo alipo oŵerengeka amene maso awo amangosinthana.

Chodabwitsa nchakuti diso silitsata dzanja nthaŵi zonse. Dzanja lamanja limalamulidwa ndi mbali yakumanzere ya ubongo, pamene diso lililonse limatumiza zimene laona ku mbali zonse ziŵiri. Motero pakati pa anthu ogwiritsa dzanja lamanja, pafupifupi mmodzi mwa atatu ali ndi diso lotsogolera lakumanzere. Mnyamata wosekedwa uja ali m'gulu limeneli, ndipo gululo si laling'ono.

Aŵerengi okondedwa, musangotimvera, yesani nokha pakhonde madzulo ano. Maso onse ali chipenyere, tambasulani mkono, ndipo ndi chala chachikulu phimbani chinthu chakutali, kaya thunthu la mtengo kaya mzati wa nkhokwe. Osasuntha dzanja, tsinzinani diso lakumanzere, kenaka litseguleni ndi kutsinzina lakumanja. Mudzaona kuti diso limodzi likapenya lokha chala chimakhalabe pathunthu paja, koma linalo likapenya lokha chala chimalumphira kumbali. Diso limene chala sichisuntha ndilo lotsogolera. Njira imeneyi ndi yakale ndithu, pakuti Giambattista della Porta wa ku Italy anailongosola m'chaka cha 1593. Kwa mwana wamng'ono amene sanathe kutsinzina diso limodzi, boolani kabowo pakati pa pepala, mumpatse aligwire ndi manja onse atatambasula mikono, ndipo mumuuze ayang'ane mphuno yanu kudzera pakabowopo. Diso limene inu mudzaliona pakabowo ndi lomwelo.

Tsono tiŵerengere pamodzi kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Mnyamata wogwiritsa dzanja lamanja amagwira mphanda ndi dzanja lamanzere, nakokera chikopa cha legeni kutsaya lakumanja. Mwala udzayenda kuchokera kutsayako kupyola pakati pa mphanda. Ngati diso lakumanja ndilo likuchalira, mzere wa diso ndi njira ya mwala zili pamodzi. Koma ngati lakumanzere lalanda ntchitoyo, mizere iŵiriyo imapingasana pamphanda, nkumatalikirana pamene ikunka kutsogolo. Tiyerekeze kuti mphanda ili masentimita 70 kuchokera pankhope. Ndiye kuti pa masentimita 70 alionse mwala ukupatukira kumanzere ndi masentimita 6. Pa mtunda wa mamita 10 wapatuka ndi masentimita 80, ndipo pa mamita 20 wapatuka koposa mita imodzi ndi theka. Njiwa siimayembekezera mwala wotere. Choŵaŵa nchakuti pamene mnyamatayo achalira mosamala, mpamene amaphonya mofanana nthaŵi zonse, chifukwa akutsata mokhulupirika mzere wolakwika.

Wina angafunse kuti nanga makolo athu, amene ankapita ku uzimba ndi uta ndi phodo la mivi, ankatha bwanji osadziŵa zonsezi. Yankho lake nlakuti mlenje wa uta ankalasa pafupi, atanyang'ama mpaka kuiyandikira nyama, ndipo sankayeza ndi nsonga ya muvi. Maso onse ankakhala pa nyamayo, manja nkuchita zimene anazoloŵera kuyambira ubwana. Wa diso lakumanzere thupi lake linkadzikonza lokha m'kupita kwa zaka, mwina popendeketsa mutu, mwina popendeketsa uta. Zinthu zinasintha ndi kufika kwa gogodera ndi mfuti zina, chifukwa mfuti imatsamira paphewa limodzi, tsaya nkugona pamtengo wake, ndipo diso la mbali yomweyo ndilo liyenera kuyang'ana motsata mpope. Pamenepo diso la mbali ina likalanda ntchito palibe pothaŵira. Vutoli limakula kwambiri powombera mbalame youluka ndi mfuti ya zipolopolo zomwazika, popeza wowomberayo amafunika kupenya ndi maso onse.

Uzimba unachepa masiku ano, ndipo kusaka nyama zakutchire popanda chilolezo ndi mlandu, monganso kusunga mfuti yosalembetsa. Koma uta sunafe, unasanduka maseŵero. Areneo David anali Mmalaŵi woyamba kupikisana pa kulasa mivi m'maseŵero a Olimpiki, ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016, ndipo anapitanso ku Tokyo mu 2021. Kumeneko chandamale chimaikidwa pa mtunda wa mamita 70, ndipo kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 ndi kotambalala masentimita 12.2 okha, ngati kambale ka ndiwo. Nchifukwa chake aphunzitsi ambiri a maseŵeroŵa, asanampatse wophunzira uta, amayamba ayesa diso lake, ndipo ngati lotsogolera ndi lakumanzere amamlangiza kukoka nsinga ndi dzanja lamanzere, ngakhale amalemba ndi lamanja. Amati dzanja limaphunzira ntchito yatsopano m'masabata oŵerengeka, koma diso silivomera kusinthidwa.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza makolo. Mwa mwambo wathu dzanja lamanzere sililemekezeka, sitipatsira nalo moni, sitilandirira nalo mphatso, ndipo ana ambiri akhala akumenyedwa timikwapulo chifukwa chodyera nalo nsima. Za ulemu polandira ndi popereka sitikutsutsa. Koma tikaona mwana akukokera legeni kutsaya lakumanzere, tisathamangire kumdzudzula kuti akugwira chamanzere, chifukwa mwina wadzipezera yekha chimene aphunzitsi a Olimpiki akanamuuza. Amene wakula kale nazoloŵera mbali imodzi angathe kutsinzina diso lotsogoleralo pochalira, ngakhale kutero kumatopetsa nkhope ndipo kumamlepheretsa kuyeza bwino mtunda. Opikisana pa kuwombera mfuti amavala kanthu kophimba diso limodzi kuti asamatsinzine.

Tisasokoneze diso lotsogolera ndi diso lakuthwa. Kutsogozedwa ndi diso limodzi si matenda, ndipo nthaŵi zina lotsogoleralo silikhala loona bwino koposa linzake. Koma poyesa ana anu mungatulukire chinthu china chofunika kuposa legeni. Ngati mwana ataphimbidwa diso limodzi akudandaula kuti akuona mbuu, kapena akukana ndi kulira pamene mwaphimba diso lakutilakuti koma osavutika mukaphimba linalo, kapena ngati diso lina limayang'ana kumbali, musazengereze. Ubongo wa mwana ukazoloŵera kunyalanyaza diso lofooka, disolo limaleka kukula m'ntchito yake, ndipo chithandizo chimathandiza kwambiri mwanayo asanapyole zaka 7 kapena 8. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena pa chipatala chachikulu cha boma ku Mchinji, ndipo akaona kuti nkofunika adzakutumizani kwa madokotala a maso ku Lilongwe kapena ku Nkhoma.

Kwa anyamata tili ndi mawu aŵa. Mwala wa legeni ukhoza kuphulitsa diso, ndipo mphira wotha akaduka pamphanda amabwerera kunkhope, pa diso lomwe likuchalira, lomwe kaŵirikaŵiri ndilo lotsogolera lija. Muziyang'ana mphira ndi zomangira zake musanakoke. Ndipo mnzanu amene mwala wake umapatukira kumanzere asakhale ndi wina woima chakutsogolo kumanzere kwake, kufikira atayesa chala chake pa thunthu la mtengo ndi kusamutsira chikopa kutsaya linalo.