Kodi olankhula za magemuwa akudya kwa yani?

Ma podcast a magemu a pa kompyuta ndi PlayStation angoti mbwee pa Spotify ndi YouTube, ena mpaka maola atatu anthu akungocheza. Bandulo si yotola abale, ndiye ine ndisanatsitse ndimayamba ndafunsa: amawalipira ndani anthuwa?

Funsoli lili ndi mbiri yake. Mu 2007 a GameSpot ku America adachotsa ntchito Jeff Gerstmann atangoipatsa gemu ya Kane & Lynch mamalikisi 6 pa 10, pomwe eni gemuyo adali atadzaza zotsatsa malonda pa tsamba lomwelo. Mu 2008 iye ndi mnzake Ryan Davis adayambitsa Giant Bombcast, ndipo omvera adakhamukirako podziwa kuti mkuluyu sanyengerera.

Inu a mumsika mukudziwa m'mene wogulitsa amatamira katundu wake. Mukamva olankhula akuyamikira gemu iliyonse yatsopano, ati palibe ndi imodzi yomwe yoipa, tsekani basi. Okonda zakale za Nintendo ndi Sega yesani Retronauts, yomwe idayamba mu 2006. Iwowa ndalama zoyendetsera amapempha kwa omvera awo pa Patreon.