Ernest Mtawali ndi Zaka Zimene Malaŵi Adataya

Amene ankapita ku bwalo la Kamuzu ku Chichiri kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 akukumbukirabe mnyamata wa timu ya Hardware Stars, Ernest Mtawali, woseŵera pakati. Mpira ukafika paphazi pake, anzake akutsogolo ankangothamanga, podziŵa kuti uwapeza.

Koma Blantyre sadamsunge nthaŵi yaitali. Masiku amenewo woseŵera mpira kuno ankadalira ntchito ya pakampani, pamene ku South Africa mpira wokhawo unkadyetsa munthu. Chovuta chinali chakuti bungwe la FIFA lidachotsa dzikolo m'chaka cha 1976 chifukwa cha tsankho, choncho wokaseŵera kumeneko ankadzitsekera yekha khomo la timu ya dziko lake. Mtawali adapitabe, natchuka ndi dzina lakuti Ernest Chirwali. M'chaka cha 1985 timu yake, Bloemfontein Celtic, idatenga chikho cha Mainstay, iyenso nasankhidwa katswiri wa chakacho.

Wina angati adataya kwawo. Mlanduwo ngwovuta kuugamula, pakuti boma lenilenilo la Malaŵi linali paubale ndi Pretoria kuyambira 1967, ndipo amuna zikwizikwi ankapita ku migodi ya ku Joni popanda wowaloza chala.

Idamva kuŵaŵa ndi Flames. Pamene inkalandira mendulo ya mkuwa ku Nairobi mu 1987, iye kunalibe. Khomo lidatseguka FIFA italandiranso South Africa mu 1992, ndipo pambuyo pake mwendo wake udamfikitsa ku Argentina ndi ku Toulouse, ku France. Mu 2015 adapatsidwa ntchito yophunzitsa Flames, koma chaka chotsatira adamchotsa.